Tsiku Limene Namawaya Anatsekera Apongozi Ake Khomo

Moni nonse okondedwa awerengi, inu amene mwapatula kanthawi kuti tikhalire limodzi. Ndikuyamika Mulungu amene watidzutsanso ndi moyo, osati chifukwa choti tinagona mwanzeru kuposa anzathu amene sanadzuke, koma mwa chifundo chake chokha. Ndikuthokozanso inu amene mumawapempherera ana awiri aja ngati a m'nyumba mwanu. Lero ndalemba mtima uli wolemera, pakuti nkhani yawo yafika poterera.

Kwa inu amene mwangotipeza, mtsikanayo anzake a kuntchito amamutcha Namawaya. Ndiye amasamala makompyuta ndi netiweki pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo nthawi zambiri umamupeza atagwada kunsi kwa tebulo la munthu, mawaya ali m'manja. Mnyamatayo ndi kalipentala, woyimba besi m'kwaya, amene aliyense amamutchula kuti Utuchi chifukwa ngakhale Lamulungu utuchi sutha m'tsitsi mwake. Awiriwa anagwirizana zomanga banja. Bambo ake a Utuchi, amene amasunga nyumba ya katundu pa kampani yomweyo ndipo onse amawadziwa kuti a Makiyi, anavomera ndi manja awiri. Mayi ake okha ndiwo anakanitsitsa. Ankati, "Mkazi wodziwa zinsinsi za anthu onse, iwe osadziwa zake, ameneyo si mkazi, ndi loko." Chifukwa cha kukana kumeneko, chibwenzicho sichinalengezedwe kuntchito.

*

Sabata imeneyo itangoyamba, abwana anaitana Namawaya ndi kutseka chitseko okha.

"Khalani pansi, achemwali. Zimene ndikuuzenizi zithere muno."

"Ndamva, bwana."

"Lachisanu m'mawa ndiitana a Makiyi. Akangolowa pakhomo apa, inu mutseke akaunti yawo. Imelo, pulogalamu ya katundu, zonse. Kompyuta yawo muichotse, muifufute, tiipereke kwa wina."

Kapena simudziwa, awerengi, kuti m'makampani ambiri zimayenda chonchi. Munthu akamachotsedwa ntchito, amamutsekera makompyuta nthawi yomwe akuuzidwayo, kuopa kuti ndi mkwiyo angawononge kapena kutenga za kampani. Choncho munthu wa makompyuta amamva za maliro wodwala akadali kuseka ndi anzake pakhonde.

Namawaya anafunsa kuti, "Alakwa chiyani, bwana?"

"Sanalakwe kanthu. Eni kampani akuti ntchito yowerenga katundu izigwiridwa ndi pulogalamu yatsopano ija munaika inu. Mwagwira ntchito yabwino." Abwana anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pali vuto?"

Apa ndi pamene Ambuye anamutsegulira kakhomo kothawirapo. Akanangoti, bwana, amenewo ndi apongozi anga a mawa, ntchito iyi patsani wina. Inu ana anga amene mukuphunzira ntchito imeneyi, gwiritsani mawu awa: chibale chikakumana ndi ntchito, chineneni tsiku lomwelo, chisanayambe kununkha. Koma Namawaya anaopa. Anaopa kufunsidwa chifukwa chimene anabisira, anaopanso kuti nkhani ikamveka mayi aja adzati wayamba kudzitcha mpongozi asanamulole.

"Palibe vuto, bwana."

Potuluka anakumana ndi mlembi wa abwana, amene chifukwa cha nsapato zake amatchedwa Gogoda. Ameneyu amaimba m'kwaya imodzi ndi Utuchi, ndipo ndiye mtsikana amene mayi ake a Utuchi anamusankha kale mumtima.

"Bwanji nkhope yagwa chonchi, asisi? Netiweki yakuthawani?"

"Mutu chabe."

"Imwani madzi. Mitu ya masiku ano imayamba ndi mtima."

*

Tsiku lotsatira Namawaya anapita ku nyumba ya katundu ngati wokaona waya. Anapeza a Makiyi atakhala pakati pa matumba a simenti ndi malata, mulu wa makiyi uli lende palamba, kapu ya tiyi ili pambali pa kompyuta yawo yakale.

"Wafika mwana wanga! Bwera, ukhale apa. Fumbi usaliope, nafenso tinachokera momwemo."

Pa kompyutapo panali nkhope imene Namawaya ankaidziwa bwino, ngakhale mwini wake sanakumane naye. Anali mlongo wake wa Utuchi, amene anamwalira ali mtsikana atadwala nthawi yochepa. Zithunzi zake zonse, ndi vidiyo imodzi akuyimba yekha kutsogolo kwa tchalitchi, zinali m'kompyuta imeneyo basi. Foni imene anajambulira inatayika kalekale.

"Bambo," anatero Namawaya, maso ali pa waya, "kompyuta ya kampani si sutikesi ya munthu. Lero ili pano, mawa aitenga. Ndili ndi fulashi m'thumbamu. Ndiloleni ndikuikireni zithunzizi mupite nazo kunyumba."

A Makiyi anapukusa mutu akumwetulira. "Kunyumba ayi. Mayi ake akangoona nkhope iyi amagona osadya. Mawu ake ndiye sangawapirire n'komwe. Ndiye ine ndinati mwana wanga azikhala nane kuno. M'mawa ndimamupatsa moni, masana amandiyimbira, madzulo ndimamutsanzika. Wakhala bwino momwemo."

"Koma bambo, makina amafa."

"Nanga iwe uli pano kudzatani? Ukakwatiwa kwathu ndiye kuti dokotala wa makina tili naye m'nyumba." Anaseka mpaka makiyi analira palamba. "Usaigwire, mwanawe. Ndakukaniza."

Lole inaliza hutala panja. A Makiyi anadzuka, namusisita paphewa podutsa.

*

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anadzera kumalo kumene Utuchi amapalira matabwa. Anamupeza akusalaza tebulo lalikulu limene ankapangira nyumba yawo ya mtsogolo.

"Taligwira," anatero Utuchi. "Losalala ngati tsaya lako. Apa pakhala ine, apo iwe, uku ana. Ndasiya malo ambiri, usadzanene kuti sindinakuchenjeze."

Namawaya anayesa kuseka, koma kuseka kunakana.

"Ndili ndi nkhani yabwino," anapitiriza Utuchi. "Bambo akuti Loweruka akhala pansi ndi amayi, ndipo sadzuka mpaka avomere. Akuti, mtsikana amene uja ndamuona ndi maso anga kuntchito, alibe chinyengo. Iwe, bambo amakukonda kuposa ine mwana wawo."

"Utuchi, munthu atakusungitsa chinsinsi cha kuntchito, chopweteka, ungatani?"

"Ine chinsinsi changa ndi guluu basi, ndipo ndimauza aliyense." Anaika pansi chopalira namuyang'anitsitsa. "Wina wakulakwira?"

"Ayi. Ndatopa chabe."

Ali m'basi, foni inalira. Uthenga unali wa Utuchi: "Wandisiyira nkhope yako yachisoni pa tebulo langa. Mawa udzaitenge, undibweretsere ija yoseka." Namawaya analemba kuti, "Pali zoti ndikuuze," nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Pomaliza anatumiza mawu awiri okha: "Undipempherere, wokondedwa."

*

Mu ofesi ya makompyuta ankakhala awiri, iye ndi bambo wina wachikulire wotchedwa a Madevu, amene anamuphunzitsa ntchito atangofika. Lachinayi m'mawa Namawaya anawafunsa mozungulira.

"Akulu, munthu akamachotsedwa, koma m'kompyuta mwake muli zinthu zake zenizeni, za mtima, timatani?"

A Madevu sanacheuke. "Timapita kwa bwana, timapempha chilolezo, atilembere. Kenako timatsegula mwini wake ali pomwepo, mboni ilipo. Njira ndi imeneyo, ina kulibe."

"Nanga bwana akafunsa kuti wadziwa bwanji za m'kompyuta ya munthu, ndipo zikukukhudza bwanji?"

"Umayankha zoona." Apa anatembenuka. "Tamvera, mwana iwe. Ife anatipatsa makiyi a zipinda zonse, osati chifukwa ndife anzeru, koma chifukwa amakhulupirira kuti sitilowa m'chipinda chimene sanatitume. Tsiku limene udzalowe, ngakhale ukukapulumutsa mwana pamoto, adzayamba kufunsa kuti unalowanso kuti. Kusukulu saphunzitsa zimenezi. Digiri umaipeza kamodzi, koma kukhulupirika umakupeza m'mawa uliwonse."

Mawu a akulu akoma akagonera. Namawaya anafika mpaka pa chitseko cha abwana, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Anakumbukira mawu ake omwe aja, palibe vuto bwana, ndipo dzanja linatsika lokha.

Nthawi ya chakudya cha masana, a Madevu atatuluka, anakhala pa tebulo lake nalowa m'kompyuta ya a Makiyi kudzera pa netiweki. Anapeza zithunzi zija nayamba kuzikokera mu fulashi. Anapemphera chamumtima kuti, Inu amene mumaona zobisika, onani kuti sindikuba. Chithunzi chimodzi chinatseguka chokha n'kudzaza galasi lonse la kompyuta.

Go, go, go, nsapato pakhomo.

"Asisi, makina osindikizira aja ayambanso misala yawo." Gogoda anaima. Maso ake anachoka pa Namawaya n'kupita pa galasi. "Iii! Ameneyu si malemu mlongo wake wa Utuchi? Tinkaimba limodzi ameneyu. Wafika bwanji pa kompyuta yanu?"

"Ndikukonza zina zake."

"Mukukonza." Gogoda anamwetulira pang'onopang'ono. "Konzani, asisi. Makina aja adikira."

*

Lachisanu m'mawa a Makiyi anadutsa pakhomo pa ofesi ya makompyuta atavala jekete yawo ya kutchalitchi.

"Mwana wanga, abwana andiitana. Mwina akufuna andikweze pa udindo ndisanafe!"

Makiyi analira palamba mpaka kumapeto kwa khonde. Chitseko chinatseguka, chinatsekeka. Namawaya anayang'ana dzina lawo pa galasi, chala chili pa batani. Palibe mpeni, palibe magazi, kabatani chabe kofewa ngati kena kalikonse. Anadina. A Madevu anadzuka mwakachetechete kukatenga kompyuta ija ku nyumba ya katundu.

Potuluka, a Makiyi analibe makiyi. Lamba linali lopepuka, ndipo ankayenda ngati munthu amene wataya mwendo umodzi. Abwana anali pambali pawo, mlonda kumbuyo. Atafika pakhomo pa Namawaya anaima.

"Bwana, sindikukana. Ndingoona kompyuta yanga kamodzi."

"Yachotsedwa kale, bambo. Ndi lamulo la kampani."

A Makiyi anatembenukira kwa Namawaya. "Mwanawe, mwana wanga ali m'menemo."

Fulashi inali m'thumba la siketi yake, ikutentha ngati khala la moto. Abwana ankamuyang'ana. Gogoda anali atatulutsa mutu pakhomo pake. Namawaya anazyolika. Mlonda anawagwira a Makiyi pamkono mwaulemu, natuluka nawo.

*

Loweruka, tsiku lija a Makiyi analonjeza kuti adzamulankhulira, Namawaya anapita kunyumba kwawo. Makatani anali otseka ngati pa maliro. A Makiyi anakhala pa mpando wa pakona, manja ali pa mawondo. Mayi anali pa sofa, Utuchi ataimirira pafupi ndi zenera. Ndipo kukhitchini kunkamveka madzi ndi makapu. Amene ankatsuka anali Gogoda, nsapato atazivula, atamanga nsalu ya mayi m'chiuno ngati mwana wa pakhomo.

Namawaya anagwada pafupi ndi a Makiyi natambasula manja onse awiri.

"Bambo, mwana wanu sanatayike. Zithunzi zonse zili umu, ndi nyimbo ija."

A Makiyi anayang'ana kafulashiko nthawi yaitali. Kenako anakatenga nakafumbata, chibakera chili pachifuwa. Misozi inatsika mpaka m'ndevu.

Nkhope ya Utuchi inawala. "Mulungu ndi wabwino! Wazipulumutsa bwanji? Amati anafufuta zonse."

"Afunse kuti anazitenga liti," anatero mayi, osamuyang'ana Namawaya.

"Amayi, zimenezo zili ndi ntchito yanji?"

"Ndati mufunse."

Utuchi anatembenuka. "Unazitenga liti?"

Namawaya akanatha kunama, koma mabodza anali atamukwana. "Lachinayi."

"Bambo achotsedwa Lachisanu," anatero Utuchi.

Madzi kukhitchini analeka kutsika.

"Ndinkanena ine," anayamba mayi, mawu ali pansipansi. "Ndinkanena, inu n'kumati mayiyu ndi wansanje. Anadziwa sabata yonse. Anapita kukamwa nawo tiyi bambo ako, akudziwa. Anabwera kudzasisita tebulo lako, akudziwa. Makina amene awadyera ntchito anaika ndani? Amene anawatsekera khomo ndani? Bambo ako anavala jekete ya kutchalitchi kupita kokachotsedwa ntchito, anthu akuwaseka m'makonde, uyu ali phee. Lero wabwera ndi kachitsulo kuti timuombere m'manja."

"Amayi, ndinalumbira kuntchito kuti..."

"Usanditchule amayi. Mwana wanga wamkazi ndinamuika m'manda. Wina ndilibe."

Gogoda anatulukira ndi kapu ya madzi nagwada pamaso pa mayi. "Imwani, amayi, mtima ungakwere. Ine ndinaona ndi maso anga Lachinayi lija, koma ndinati ndi za m'banja, ndisalowerere."

A Makiyi anangofumbatitsa chibakera chija n'kuyang'ana pansi.

*

Utuchi anamuperekeza mpaka pa geti, akuyenda patsogolo, osati pambali pake monga mwa masiku onse.

"Ukanandiuza ine," anatero. "Ine ndekha."

"Ukanawauza bambo."

"Inde ndikanawauza! Ndi bambo anga!"

"N'chifukwa chake sindinakuuze. Utuchi, ntchito yanga ndi imeneyo. Lero ndikaulula za bambo, mawa ndiulula za wina. Ndani angandikhulupirirenso?"

"Koma kulowa m'kompyuta mwawo atakukaniza, pamenepo lamulo linagona? Lamulo limadzuka pa ine pokha?"

Mnyamatayo analasa penipeni. Namawaya anafuna kusunga ntchito, anafunanso kusunga apongozi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

"Ndinakufunsa kuti wina wakulakwira, iwe n'kuti watopa. Ndinagwada ine kukupempherera, osadziwa kuti ndikupempherera chala choti chikadine bambo anga." Anapukuta nkhope ndi chikhatho, utuchi ukugwa m'tsitsi. "Tikadzakwatirana, ndizidzayang'ana nkhope yako pa tebulo lija n'kumadzifunsa kuti lero akudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa?"

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Sindikuti kanthu. Tebulo lija ndaliphimba ndi nsalu. Pitani bwino, mayi."

Chibwenzi chawo chiyambire, anali asanamutchulepo choncho.

Lamulungu Namawaya anakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Kwaya itaimirira, besi sinamveke. Malo a Utuchi anali opanda munthu, ndipo Gogoda anaimba mokweza ngati walandira mphoto.

*

Lolemba m'mawa anafika ku ofesi maso ali otupa. Anapereka moni kwa a Madevu, koma iwo anayankha ndi mutu wokha, maso ali pa kompyuta yawo. Anakhala pansi, nayatsa kompyuta, nalemba pasiwedi yake.

Inakana.

Anaganiza kuti chala chaterereka. Analembanso mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Inakananso.

Munthu wina akanaitana wa makompyuta kuti adzamuthandize. Namawaya sanafunike kufunsa. Ankadziwa tanthauzo la khomo lotsekedwa m'mawa mwini wake asanauzidwe kanthu.

"Akulu," anatero chonong'ona.

A Madevu anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali. "Anandituma, mwana iwe. Sindinafufute kanthu, angoti nditseke mpaka akumve. Ukalowa umo, nena zoona zonse, kuyambira pa chibale. Mwina khomo silinakhomedwe misomali. Koma ukawadikiritsa, wadzikhomera wekha."

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Uthenga unali wa Utuchi.

"Bambo anaika nyimbo ija pa wailesi ya kanema m'mawa uno, amaganiza kuti amayi atuluka. Amayi amva mawu a malemu ali pakhomo, agwa. Tili kuchipatala. Atsitsimuka, ndipo chinthu choyamba afunsa iwe, sindikudziwa ngati n'kukutemberera kapena chiyani. Bambo akuti ubwere tsopano lino, ali ndi mawu oti anene pamaso pa tonse. Ukapanda kubwera, yankho lako ndalimva."

Asanamalize kuwerenga kachiwiri, nsapato zija zinamveka pakhonde. Go, go, go. Gogoda anaima pakhomo, milomo yofiira, fayilo ili pachifuwa.

"Asisi, abwana akukufunani. Akuti tsopano lino, ndipo musatuluke pa geti musanawaone."

Namawaya anaimirira, foni ili m'dzanja. Kumanja kwa khonde kunali chitseko cha abwana, chotsegula pang'ono. Kumanzere kunali masitepe otsikira kumsewu. Pemphero lokha limene linatuluka pakamwa pake linali lakuti, "Ambuye, ndataya njira."

*

Okondedwa, ndikusiyirani mwana ameneyu ali chiimire pakhondepo, ndipo musafulumire kumuponya miyala, pakuti ambiri a ife tinayankhapo kuti palibe vuto pamene vuto linali litakhala kale pa mwendo pathu. Mulungu wa chifundo akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Amene munasungitsidwa makiyi a anthu ena, akupatseni manja oyera ndi pakamwa ponena zoona nthawi ikadalipo. Amene mwatsekeredwa khomo popanda kulakwa, akupukuteni misozi ndi kukutsegulirani lina. Ndipo amene mwaima pakati pa zitseko ziwiri m'mawa uno, akugwireni dzanja, asakusiyeni nokha. Amen.